Jekete yachikopa yotengera ya m'filimu: kodi yabwino ndi yeniyeni imadziwika bwanji?

Wowerenga wina watilembera motere: "Zikomo akatswiri. Kuyambira ndili mnyamata ndakhala ndikusirira jekete yachikopa imene Harrison Ford anavala m'filimu ya Raiders of the Lost Ark. Zaka ziwiri zapitazo ndinagula pa intaneti jekete imene ogulitsa ankati ndi yachikopa chenicheni, koma pasanathe chaka ndi theka inayamba kusupuka m'kolala ndi m'zigongono, mpaka ndinasiya kuivala. Tsopano ndapeza ina imene mtengo wake ukuposa wa yoyamba ija kanayi. Ogulitsa akuti ndi yofanana ndendende ndi ya m'filimu, ndipo akupereka ndi satifiketi yomwe. Ndikuopa kupusitsidwanso. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanalipire, ndipo ikafika ndidzadziwa bwanji kuti sanandinamize?"

Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo poyamba penipeni ndikupempheni kuti musadziimbe mlandu pa zimene zinachitikazo. Ndakhala ndikusoka ndi kukonza zovala zachikopa kwa zaka zoposa 20, ndipo majekete osupuka ngati yanu ija amafika patebulo panga kawirikawiri, ena mwa iwo ogulidwa ndi anthu osamala kwambiri pa ndalama zawo. Pa chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwabwino, pulasitiki yatsopano ndi chikopa cha nkhosa zimaoneka chimodzimodzi, moti ngakhale mmisiri amafuna kugwira ndi manja asananene kanthu. Chimene chingakulimbitseni mtima n'chakuti zambiri zofunika kuzidziwa mungathe kuziona nokha, zina musanalipire, zina tsiku limene katunduyo wafika.

Vuto lagona pa mawu akuti "yeniyeni". Ogulitsa amawagwiritsa ntchito ngati kuti ali ndi tanthauzo limodzi, chonsecho wogula akamva mawuwa amaganiza zinthu zitatu nthawi imodzi: kuti jeketeyo ikukhudzana mwanjira ina ndi amene anapanga filimuyo, kuti maonekedwe ake ndi omwewo a pa kanema, komanso kuti chikopa chake n'cha nyama. Jekete ingathe kukhala ndi chimodzi mwa izi n'kusowa ziwiri zinazo. Ndaonapo majekete okhala ndi chilolezo chonse cha eni filimu koma osokedwa ndi pulasitiki, ndipo ndaonaponso ena opanda chilolezo chilichonse koma achikopa chokongola, osokedwa mwaluso kwambiri. Malangizo anga onse akuchokera pa mfundo imodzi: ndalama zanu zipite pa zimene mungathe kutsimikiza ndi maso ndi manja anu, zomwe ndi chikopa, kadulidwe ndi kasokedwe, ndipo pepala libwere pomalizira.

Tiyambe ndi satifiketi ija, popeza ndi imene ikuoneka kuti yakweza mtengo. Chovala chimene chinavalidwadi pojambula filimu chimagulitsidwa ku okushoni ndi makampani odziwika pa malonda amenewa, monga Propstore ya ku London ndi Los Angeles, ndipo mbiri yake imalondoleka kuchokera kwa amene ankasunga zovala za filimuyo kufikira kwa mwini wake wa lero. Akatswiri amayerekezera makwinya, zipsera ndi misoko ya chovalacho ndi zithunzi za m'filimu kuti aone ngati n'chomwecho, chifukwa zikopa ziwiri sizikwinyika mofanana. Jekete yatsopano yosokedwa mwezi watha ilibe mbiri yotere, ndipo satifiketi imene wogulitsa wadzisindikizira yekha imangonena zimene iye mwini wakuuzani kale pakamwa. Mufunseni kuti satifiketiyo ikutsimikizira chiyani kwenikweni, ndipo wasainira ndani. Ngati akunena kuti ali ndi chilolezo cha eni filimu, dzina la eniwo liyenera kuoneka pa kansalu ka m'kati mwa jekete. Kwa mafilimu a Indiana Jones, amene woyamba wake ndi Raiders of the Lost Ark, eni ake ndi kampani ya Lucasfilm. Koma chilolezo chimalola munthu kugwiritsa ntchito dzina ndi zizindikiro basi, sichinena kanthu za ubwino wa chikopa.

Pali mtundu wina wa "yeniyeni" umene ine ndimaulemekeza kuposa chilolezo, ndiwo jekete yosokedwa ndi amisiri omwewo amene anasokera filimu. Jekete ya m'filimu ya mu 1981 imene mukuifunayo anaikonza maonekedwe ake ndi Deborah Nadoolman, ndipo inasokedwa ku England ndi Peter Botwright, amene kampani yake inadzadziwika ndi dzina lakuti Wested Leather ndipo yakhala ikusokera anthu wamba jekete imeneyi kwa zaka zambiri. Ya m'filimu ya Indiana Jones ya mu 2008 inasokedwa ndi Tony Nowak ku America, monganso jekete yakuda ya Arnold Schwarzenegger mu Terminator 2 ya mu 1991 inachokera kwa Bates Leathers. Kudziwa mayina amenewa kumakuthandizani kuyesa zonena za wogulitsa. Wina akakuuzani kuti iye ndi amene "anasokera filimuyo" koma dzina lake silikupezeka paliponse m'mbiri yake, mwadziwiratu mmene mungatengere mawu ake ena onse. Ngakhale pa majekete otchuka kwambiri pamakhala kusagwirizana: ambiri amanena kuti ya Marlon Brando mu The Wild One ya mu 1953 inali Perfecto ya kampani ya Schott, koma akatswiri ena a zovala zakale amatsutsa zimenezi mpaka lero.

Tsopano za kufanana ndendende. Mawu amenewa ndimawamva mosamala, chifukwa m'filimu simukhala jekete imodzi. Amasoka angapo: ina yoonekera pafupi ndi kamera, ina ya amene amalowa m'malo mwa wosewera pa zochitika zoopsa, ina yoti inyowe, ina yoti ing'ambike, ndipo majekete amenewa amasiyana pang'ono kukula kwa kolala ndi malo a matumba. Kuwonjezera apo amawakalambitsa dala. Nadoolman anafotokozapo kuti anakanda jekete ya Ford ndi kampeni ndi burashi ya waya kuti ioneke ngati yayenda maulendo ambiri. Ndiye pali fumbi, magetsi ojambulira, ndi kusintha kwa mitundu kumene amachita filimu ikajambulidwa. Jekete yomweyo imaoneka yofiirira m'chipululu, n'kudzaoneka pafupifupi yakuda m'phanga. Choncho musavutike kwambiri kufunafuna mtundu wofanana ndi umene mukuuona pa foni yanu, chifukwa mtundu umenewo umasintha ndi chiwonetsero chilichonse.

Zimene zingayerekezedwe moona ndi kamangidwe ka jeketeyo. Ya mu Raiders inatengera jekete ya oyendetsa ndege zankhondo ya A-2, imene asilikali a ku America anayamba kuigwiritsa ntchito mu 1931, koma anachotsa nsalu yoluka ya m'chiuno ndi ya kumapeto kwa manja. Kumsana ili ndi mapindo awiri aatali, limodzi mbali iliyonse, amene amatseguka munthu akatambasula mikono. M'mbali muli timalamba tomangira. Zipi imabisika ndi chipepelo chachikopa. Ndipo matumba awiri akutsogolo ndi osokedwa pamwamba, okhala ndi zotsekera zake, komanso polowetsa manja cham'mbali. Mu filimu ya Indiana Jones ya mu 1989 anawonjezera mabatani odina pa chipepelo chija. Wogulitsa akakusonyezani jekete yokhala ndi mabatani amenewo n'kunena kuti ndi ya mu 1981, ndiye kuti sanaionetsetse filimuyo. Imitsani kanema pamalo pamene Ford waima chowongoka, muone pamene jekete ikuthera poyerekezera ndi lamba wa buluku, muone kutalika kwa kolala ndi mpata wa pakati pa thumba ndi zipi, kenako muyerekezere ndi zithunzi za wogulitsa. Pa mapindo akumsana ndi pamene osoka mothamanga amagwidwira, pakuti amawasoka osaya, ongokongoletsa, moti satseguka n'komwe, kapena akatseguka amakhala chotseguka osabwereranso.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa ena owerenga akufuna majekete a mafilimu ena. Zovala zina zimene anthu amaganiza kuti zinali zachikopa sizinali zachikopa. Chikhoti chachitali cha Keanu Reeves mu The Matrix ya mu 1999 chinali chansalu, ndipo jekete yokhala ndi chinkhanira kumsana mu Drive ya mu 2011 inali ya nsalu yonyezimira, komabe zonsezi zimagulitsidwa zachikopa ndi mawu omwewo akuti "ndendende". Pa jekete ya Tom Cruise mu Top Gun ya mu 1986, yomwe ndi G-1 ya asilikali apamadzi a ku America, nkhani imakhala pa zigamba zake. Chigamba chachikulu chakumsana chinali ndi mbendera za Japan ndi Taiwan. M'kanema wotsatsa filimu yachiwiri mu 2019 mbenderazo zinasinthidwa, koma filimuyo itatuluka mu 2022 zinali zitabwerera. Chifukwa cha ichi pamsika pali majekete a mitundu iwiri ya chigamba chimenechi, ndipo wogula ayenera kudziwa chimene akufuna.

Tibwere ku chikopa, pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene munapwetekedwa. Kusupuka kumene mwafotokoza, koyambira m'kolala ndi m'zigongono, ndi chizindikiro cha polyurethane, imene amalonda amaifupikitsa kuti PU. Imeneyi ndi pulasitiki yopyapyala yomatidwa pa nsalu kapena pa chikopa chotsika. Chinyezi cha mumpweya, thukuta ndi kutentha zimaiphwanya pang'onopang'ono, ndipo imayamba kugonja pamalo okhudzana ndi khosi ndi pamalo opindikapindika. Imawonongeka ngakhale itangopachikidwa osavalidwa, ndipo ikayamba palibe mafuta kapena guluu amene angaibweze. Simunalakwitse kasamalidwe kake. Mapeto ake anali omwewo kuchokera tsiku limene inapangidwa.

Mwina mukudabwa kuti nanga anailemba bwanji kuti ndi chikopa chenicheni. Chikopa cha ng'ombe n'chochindikala kwambiri, choncho ofufuta zikopa amaching'amba m'magawo ndi makina. Gawo lapamwamba, limene linali ndi ubweya, ndi limene lili ndi nkhope ya chikopa ndi ulusi wake wothinana, ndipo ndi lolimba koposa. Likasiyidwa ndi nkhope yake yachibadwa amalitcha "full grain". Likapalidwa pang'ono kuti zipsera zichoke n'kupakidwa utoto wochindikala amalitcha "corrected grain". Gawo lapansi, lotchedwa "split", lilibe nkhope, ndipo kuti lioneke ngati chikopa chapamwamba amalimata PU n'kudindapo timizere tofanana ndi tachilengedwe. Pansi pa zonsezi pali "bonded leather", zomwe ndi zinyenyeswa za zikopa zoperedwa, zosakanizidwa ndi zomatira n'kuyalidwa ngati pepala. Mawu akuti "genuine leather" amangotanthauza kuti muli chikopa, sanena gawo lake, ndipo angalembedwe pa chikopa chabwino kwambiri ngakhalenso pa gawo lapansi lomatidwa pulasitiki. Wogulitsa amene ali ndi chikopa chabwino sachedwa kutchula nyama yake, gawo lake ndi kuchindikala kwake, chifukwa zimenezo ndi zimene amanyadira.

Chaka china bambo wina anandibweretsera jekete yofiirira yamtundu womwewu, akudandaula kuti manja akusupuka kunsi pamene kutsogolo kuli bwinobwino. Ndinaitembenuza, n'kumasula ulusi pang'ono pansi pa nsalu ya m'kati, mpata wongokwana zala zitatu, ndipo tinasuzumira limodzi ndi tochi. Kuseri kwa zigawo zakutsogolo ndi zakumsana kunali kwamanyunyu, kotuwa, ndipo ndikakanda ndi chikhadabo tiulusi take tinkadzuka mosalongosoka ngati mmene chikopa chimachitira. Kuseri kwa manja, kunsi kwa kolala ndi kwa chipepelo cha zipi kunali nsalu yoyera yolukidwa, mizere yake yoongoka bwino. Osokawo anaika chikopa pamene maso amafikira, n'kuika pulasitiki ya mtundu womwewo pamene munthu sayang'ana. Bamboyo anakhala chete nthawi ndithu akusisita nsalu yoyerayo ndi chala, ndipo zinandikhudza, chifukwa anali atasunga ndalama miyezi yambiri. Kuchokera pamenepo ndimauza aliyense kuti asamafunse kuti "kodi ndi yachikopa?" chabe, koma afunse ngati zigawo zonse, kuphatikizapo kunsi kwa kolala, kunsi kwa manja ndi timalamba, zili zachikopa chimodzimodzi.

Jekete ikakhala m'manja mwanu, yambani ndi kufunafuna m'mphepete modulidwa, monga kumapeto kwa kalamba kapena m'kati mwa thumba. Chikopa chikadulidwa chimaonetsa tiulusi tosokonekera kuchokera pamwamba mpaka pansi, pamene chopanga chimaonetsa magawo osanjikizana, kapamwamba kosalala ndi nsalu kapena thovu pansi pake. Kenako dinani ndi chala chachikulu pamalo otambasuka. Chikopa chimachita timakwinya ting'onoting'ono tozungulira chala, tosafanana, ndipo timatha pang'onopang'ono. Pulasitiki imangolowa n'kubwerera. Yang'anani nkhope yake pafupi, ndi galasi lokulitsa ngati muli nalo. Timabowo ta ubweya timakhala tomwazika mosiyana pa chigawo chilichonse, ndipo mukaona kachithunzi kamodzi ka timizere kakubwerezedwa pa dzanja lamanja ndi lamanzere mofanana, dziwani kuti ndi chidindo cha makina. Kachipsera kochira kapena kusiyana pang'ono kwa chigawo ndi chinzake si chilema, ndi umboni wakuti inali nyama yamoyo.

Mayeso ena otchuka ndi osadalirika monga mmene anthu amaganizira. Dontho la madzi limalowa m'chikopa chosapakidwa zambiri pamwamba, koma pa chikopa chenicheni chopakidwa utoto wochindikala limangoima monga limachitira pa pulasitiki, choncho kusalowa kwake sikutsimikizira chinyengo. Fungo nalonso limanamiza, pakuti alipo mankhwala onunkhira ngati chikopa amene amawazidwa pa zopanga. Ndipo za kuyatsa moto musayese n'komwe: mudzawononga jekete, mudzataya ufulu woibweza, ndipo utsi wa pulasitiki ya PVC ndi woipa m'chifuwa.

Nyama yake ndi nkhani yofunikanso, ndipo apa muyenera kusankha pakati pa kufanana ndi filimu ndi kukhalitsa. Jekete ya mu Raiders inali ya chikopa cha nkhosa yaing'ono, n'chifukwa chake imagwa mofewa pathupi ndi kukwinyika msanga. Chikopa chimenechi chimakhala chopyapyala, kawirikawiri chosafika milimita imodzi, chimakandika mosavuta ndipo chikakola pa msomali chimang'ambika. Chambuzi, chimene amasokera G-1, chili ndi nkhope ya timiyalamiyala, n'chopepuka koma cholimba modabwitsa, ndipo kwa munthu wofuna kuvala jekete tsiku ndi tsiku ine ndimachikonda koposa. Chang'ombe n'cholemera ndipo chimatenga nthawi kuti chifewe. Pa majekete a njinga zamoto chimakhala cha milimita 1.2 kufikira 1.4. Chakavalo, chimene A-2 zoyambirira zinkasokedwa nacho, n'chouma poyamba koma chimakwinyika mokongola zaka zikamapita. Chankhumba mungachidziwe ndi timabowo take tokhala titatutitatu, ndipo n'chotsika mtengo, choncho chikapezeka pa jekete yogulitsidwa ngati yankhosa, mwanamizidwa. Ogulitsa ena amatchula kuchindikala mu ma ounce. Ounce imodzi ndi pafupifupi milimita 0.4. Mukasankha chambuzi kapena chang'ombe, vomerezani kuti jeketeyo sidzagwa pathupi ngati ya Ford, ngakhale kadulidwe katakhala kolondola.

Kasokedwe kamaulula mtima wa amene anasoka. Pa chikopa bowo la singano silitsekeka, choncho msoko umene unalakwika n'kusokedwanso umasiya mzere wa timabowo topanda ulusi pambali pake, ndipo mukauona pamalo ambiri mudziwe kuti ntchitoyo inali yothamanga. Misoko yoonekera iyenera kuyenda mtunda umodzi kuchokera m'mphepete, ndipo pa majekete abwino amtundu umenewu singano imalowa pafupifupi kasanu ndi katatu kufikira kakhumi pa inchi imodzi. Ikatalikirana kwambiri msoko umakhala wofooka, ikathinana kwambiri imadula chikopa ngati pepala lobooledwa. Yang'anani ngodya za matumba ndi pamene timalamba tagwirira, chifukwa pamenepo m'pamene pamakokedwa. Werenganinso zigawo. Msana wa jekete imeneyi uyenera kukhala chigawo chachikulu pansi pa cha m'mapewa, ndipo mukaona msoko wowonjezera pakati pa msana kapena modutsa pa dzanja, ndiye kuti analumikiza zidutswa pofuna kupulumutsa chikopa. Valani jeketeyo, mutseke zipi, muone ngati matumba awiri ali pamzere umodzi ndiponso ngati nsonga za kolala zikulingana.

Zipi ndi nsalu ya m'kati ndi zimene zimayamba kutha pa jekete yachikopa chabwino. Zipi yachitsulo ya makampani odziwika monga YKK, Riri kapena Talon imakhala ndi dzina pa kogwirira kapena kuseri kwake, ngakhale kuti dzina lokha silokwanira popeza nazonso amazipanga zachinyengo; ikokeni kangapo mumve ngati ikuyenda osakodwa, ndipo muone ngati yagona mosapindika ngati njoka. Nsalu ya m'kati ya thonje imapuma bwino m'thupi, ya m'manja imafunika yoterera kuti mkono uzilowa mosavuta, ndipo iyenera kukhala ndi mpata pang'ono kuti isang'ambike chikopa chikatambasuka. Lowetsani dzanja m'thumba lililonse mumve kulimba kwa nsalu yake. Dziko limene jekete yasokedwa lisakusokonezeni. Ambiri mwa majekete otengera a m'mafilimu amasokedwa ku Sialkot m'dziko la Pakistan, kumene kuli amisiri aluso kwambiri pamodzi ndi ena ongothamangira kuchuluka, monga zilili kulikonse.

Za kukalambitsa jekete dala ndili ndi maganizo anga olimba. Kukachitidwa ndi munthu wodziwa, kutha kumaikidwa pamene chovala chimathera mwachibadwa: m'mphepete mwa matumba, m'misoko, m'zigongono ndi kumapeto kwa manja. Kukachitidwa mwachisawawa, mumaona zigamba zotuwa pakati pa chifuwa ndi pamsana, zofanana mbali zonse, ndipo nthawi zina ulusi umakhala utadyedwa ndi chopalira, moti msoko umamasuka pakangopita miyezi yochepa. Pa chikopa cha nkhosa chopyapyala, kupala kumachepetsa moyo wa jekete. Ine ndingakulangizeni kugula yosakalambitsidwa, pakuti chikopa cha nkhosa sichichedwa kutenga makwinya a thupi la mwini wake.

Musanalipire, lembani mafunso anu kwa wogulitsa ndipo musunge mayankho ake. Atchule nyama, gawo la chikopa ndi kuchindikala kwake, anene ngati zigawo zonse zili zachikopa, ndipo akutumizireni zithunzi za jekete imene iye wasoka, itayalidwa patebulo pa kuwala kwa dzuwa: kutsogolo, kumsana mapindo atatsegulidwa, kunsi kwa kolala, kogwirira zipi ndi m'kati. Tsamba limene likungoonetsa zithunzi za wosewera wa m'filimu, kapena chithunzi chimene mukachifufuza pa intaneti chikupezeka kwa ogulitsa ena ambiri, silikukuonetsani chimene mudzalandire. Amisiri ambiri odalirika amatumiza kachidutswa ka chikopa munthu akapempha, ndipo kachidutswa kameneko mungakapinde, kukakanda ndi kukaona kuseri momasuka. Pa muyeso musadalire zilembo za S, M ndi L. Tengani jekete imene imakukwanani bwino, muiyale, muyeze kuchokera m'khwapa kufika m'khwapa, m'mapewa, kutalika kwa msana ndi kwa dzanja, n'kuyerekezera ndi miyeso ya wogulitsa. Mapewa ndiwo ofunika koposa, chifukwa manja angafupikitsidwe koma mapewa a jekete yachikopa ndi ovuta kuwasintha. Werengani malamulo obwezera katundu, podziwa kuti jekete yosokedwa pa muyeso wanu nthawi zambiri sibwezedwa, ndipo lipirani mwa njira imene imalola kudandaula ngati katundu wasiyana ndi zimene munalonjezedwa.

Pali zoopsa ziwiri zimene sindingazisiye. Choyamba, jekete yotengera ya m'filimu si chovala chodzitetezera pa njinga yamoto, ngakhale itaoneka ngati ya okwera njinga. Zovala zotetezadi zimayesedwa, ndipo ku Ulaya zimakhala ndi chizindikiro cha muyezo wa EN 17092. Chikopa cha nkhosa chopyapyala chimatha msanga chikakhuzika pa msewu. Chachiwiri ndi khungu lanu. Zikopa zambiri za zovala zimafufutidwa ndi mankhwala a chromium, ndipo ntchitoyo ikachitidwa bwino palibe vuto, koma ikalakwika pangathe kupangika mtundu wina wa chromium umene umayabwitsa khungu, n'chifukwa chake mayiko a European Union kuyambira mu 2015 salola kuti upitirire mamiligalamu 3 pa kilogalamu m'zikopa zokhudza thupi. Mukavala jekete n'kuona zidzolo kapena kuyabwa m'khosi ndi m'mikono, ivuleni, ndipo zikapitirira masiku angapo kapena pakatuluka matuza, kaonaneni ndi dokotala mutatenga jeketeyo.

Katunduyo akafika, jambulani kanema pamene mukutsegula, musachotse chizindikiro chilichonse, ndipo musapake mafuta kapena polishi mpaka mutatsimikiza kuti mukuisunga. Pukutani pamalo obisika ndi kansalu koyera konyowa pang'ono. Utoto wochepa ungatsalire pa chikopa chonyikidwa mu utoto, koma kansalu kakada kwambiri ndiye kuti malaya anu onse adzadetsedwa. Fungo la chuku kapena madontho oyera m'misoko ndi chifukwa chokwanira choibwezera.

Mukakayikirabe, pitani nayo kwa mmisiri wa zachikopa kapena wosoka nsapato wodziwa ntchito yake nthawi yobwezera isanathe. Iyeyo adzaizindikira ndi manja m'mphindi zochepa, koma mumuuze kuti asamasule ulusi uliwonse pokhapokha mutasankha kuisunga, chifukwa wogulitsa angakane kuilandira. Ngati wina akukuuzani kuti jeketeyo inavalidwadi m'filimu ndipo akufuna ndalama zambiri, musalipire kanthu kufikira katswiri wa zovala za m'mafilimu amene sakudyapo phindu pa malondawo ataiona pamodzi ndi mapepala ake. Ponena za jekete yanu yoyamba ija, musawononge ndalama poyesa kuikonza. Musanaitaye, masulani nsalu yake ya m'kati, dulani kachidutswa ka m'kolala, ndipo mukasunge kuti mudzakaike pambali pa kachidutswa kamene wogulitsa watsopanoyu adzakutumizireni, zonse ziwiri mutazitembenuza kuseri.